Boma Nalo Lili ndi Malamulo Oti Liwamvere: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Alimi ku Chipoka



Ambirife tikamva mawu oti lamulo timaganiza za wapolisi kapena mlandu wa mbuzi zadya mmera. Koma alipo malamulo ena amene amamanga boma lenilenilo, kuyambira nduna, DC mpaka mlangizi wa kumudzi. Gwero lake ndi Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Ndime 12 imanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, olamulira angosungitsidwa. Ndime 5 imati chilichonse chimene boma lachita mosemphana ndi malamulowa n'chopanda mphamvu.

Nanga munda? Kuno kuli doko, njanji ndi nyanja, ndiye malo athu ambiri amawasirira. Ndime 44 imalola boma kutenga malo pokhapokha ngati ndi a ntchito yothandiza anthu onse, litakudziwitsani nthawi ilipo, n'kupereka chipukuta misozi choyenera, ndipo khomo la kukhoti likhale lotsekula. Wina akafika ndi galimoto n'kunena kuti "zachokera kumwamba", mufunseni kalata. Ndime 43 imatipatsa ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene ofesi ya boma yagamula zotikhudza. Molemba, abale, osati pakamwa pansi pa mtengo wa mango.

Mwina muti izi n'za m'mabuku. Kumbukirani mathirakitala aja. Boma linakongola ndalama ku India n'kugula mathirakitala 177 ndi makina opukusira chimanga 144 kuti athandize alimi ang'onoang'ono. Ambiri anagulitsidwa motchipa kwa akuluakulu, ngongole n'kutsalira tonsefe, ngakhale amene tikulimabe ndi khasu. Mu 2016 Ombudsman wa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, anafufuza ndi kulamula kuti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi. Boma linakana, nkhani inapita kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linaima ndi Ombudsman. Kupepesa sikulima munda, n'zoona. Komabe ofesi zimene zinkadziyesa zosakhudzika zinakakamizidwa kuyankha.

Kudandaula kwa Ombudsman n'kwaulere, sikufuna loya. Koma mukafuna khoti liunikenso chigamulo cha ofesi ya boma, nthawi yake ndi miyezi itatu yokha, musazengereze.

Tikupempha kalabu iliyonse ikhale ndi kope. Lembani tsiku, dzina la ofesi, zimene ananena ndi mboni zimene zinalipo. Alembi abweretse makopewo pa msonkhano wa mwezi wamawa.