Tikufuna WiFi m'malaibulale onse



Ine ndili ndi zaka 24, digiri ili m'chikwama, ntchito njee. Ndikulemba pulojekiti ya chaka chomaliza, WiFi ya mulaibulale inkagwira pakhomo pokha. Tinkakhala pansi pakhonde, laputopu pamiyendo, kulimbirana soketi imodzi. Netiweki ikaduka, ndalama ya ndiwo inkathera bandulo.

Azing'ono athu asavutikenso chonchi. M'malaibulale a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST tikufuna zinthu zitatu: WiFi yofika patebulo lililonse, soketi pampando uliwonse, komanso sola kuti magetsi akathima netiweki isathime nawo. Ndalama? MACRA ili ndi thumba la Universal Service Fund, ligwire ntchito imeneyi.

Inu muli pasukulu, jambulani mmene zilili kwanuko mutitumizire. Uthengawu muufalitse m'magulu anu onse.