Za Malire a pa Kachebere

Lero tikambe za malire amene ali pakhomo pathu penipeni, kuno ku Kachebere m'boma la Mchinji. Ambirife timayesa kuti malire ameneŵa ngachikhalire monga mapiri. Iyayi. Anaikidwa ndi anthu, ndipo chaka chake tikuchidziŵa.

M'chaka cha 1891 Angerezi anagaŵana okhaokha dera lonse lino. Mbali ya kunyanja inakhala m'manja mwa boma la ku London, pansi pa Harry Johnston. Mbali ya kumadzulo inapatsidwa kwa kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company. Nanga mzere wolekanitsa audutsitse pati, poti ambiri a iwo anali asanapondeko kuno? Anasankha msana wa mapiri pamene madzi a mvula amagaŵikana. Dontho logwera kum'maŵa limatsikira mu Bua ndi kukathira m'nyanja cha ku Nkhotakota. Logwera kumadzulo limanka ku Luangwa mpaka ku Zambezi. Papepala nzeru imeneyi inaoneka yabwino. Koma madziwo sanafunse kuti mbumba ya uje ili mbali iti, kapena manda a makolo ali kuti.

Tisaiŵale kuti poyambapo ameneŵa sanali malire a maiko aŵiri. Anali malire a m'kati, olekanitsa maofesi aŵiri a mtundu umodzi wa Azungu, mwakuti mpaka 1895 Johnston yemweyo ndiye ankayang'anira mbali zonse ziŵiri. Mu 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zambirimbiri, napha Nsingo mwana wa mfumu. Pambuyo pake kunamera malinga aŵiri: Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, ndi Fort Manning, amene lero ndi Mchinji. Kuyambira pamenepo munthu anayamba kudziŵa mbali yake poona bwanamkubwa amene akumukhometsa msonkho. Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu anapezeka mbali ino, mfumu yawo yaikulu ili mbali ina. Acheŵa a kwa Mkanda chimodzimodzi: lero Kalonga Gawa Undi ali kutsidya.

Ansembe a White Fathers atafika pa Kachebere mu 1903, mtima wawo unali pa anthu a Mpezeni, ndipo ankayendera midzi ya uku ndi uko osaŵerengera mzerewo. Nthaŵi imeneyo Episkopi mmodzi, Ambuye Joseph Dupont, amene anthu anamutcha Motomoto, ndiye anali mbusa wa mbali zonse. Dera la Fort Jameson linadzaima palokha m'Eklezia mu 1937. Chikhalirecho seminale yaikulu itatsegulidwa pano mu 1939, anyamata a maiko onse aŵiri ankadyera mbale imodzi ndi kuphunzira m'chipinda chimodzi. Mmodzi wa iwo anali Medardo Mazombwe, amene anadzakhala Episkopi wa Chipata, ndipo mu 2010 anadzakhala Kadinala.

Za Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 sitichulukitsa mau. Chinatimanga pamodzi mokakamiza, ndipo makolo athu anachita bwino kuchikana. Koma mu 1964, Malaŵi atalandira ufulu pa 6 July ndi Zambia pa 24 October, mzere wa maofesi uja unasanduka malire a maiko aŵiri. Chaka chomwecho atsogoleri a mu Afrika, atakumana ku Cairo, anapangana kuti malire osiyidwa ndi atsamunda asasunthidwe, poopa nkhondo. Ife tikuti analinga bwino. Malire ameneŵa tiŵalemekeze. Wopita kutsidya adzere pachipata cha Mwami ndi chiphaso chake, ndipo wozembetsa katundu usiku asanamizire kuti akukaona azakhali.

Chimene chikutidetsa nkhaŵa nchina. Timamva m'midzi mwathu, ngakhale m'miphakati, munthu akutchedwa “wobwera” chifukwa anabadwira kuseri kwa phiri. Mkamwini wochokera ku Chipata akalakwa pang'ono, mau oyamba ndi akuti abwerere kwawo. Mai wamasiye amene anatengedwa kuchokera kutsidya amalandidwa munda, ati si wakuno. Kodi kwawo nkuti, poti agogo ake ndi agogo athu ankatunga pachitsime chimodzi Johnston asanabadwe?

Inu akatekisiti, nkhani imeneyi ikugwerani kaŵirikaŵiri pa za ukwati. Mnyamata kapena mtsikana akakhala wa parishi ya kutsidya, musaŵabweze ngati alendo osadziŵika. Lembani kalata kwa bambo mfumu wa kwawoko, mupemphe umboni wa ubatizo ndi wakuti sanamangepo ukwati wina, ndipo chilengezo chimveke m'matchalitchi onse aŵiri. Muyambe msanga, miyezi isanathe, pakuti kalata yodutsa malire imachedwa. Ndipo ankhoswe a mbali zonse akakhala pansi kuti asankhe tsiku, akumbutseni kuti kumapeto kwa February Angoni amakhala ali ku Mtenguleni ku Ncwala, ndi kuti kumapeto kwa August Acheŵa amakhala ali ku Mkaika ku Kulamba.