MSILIKALI NDI A PABANJA PAKE

Kuwerenga: Machitidwe a Atumwi 10:1-8, 24

 Lero tikumbuke asilikali awiri.

Woyamba ndi Mbusa Isaac Wauchope Dyobha, Mxhosa wobadwa mu 1852. Amalawi ambiri sadziwa kuti bambo ameneyu adapondako dothi lathu. Mu 1876 adali mmodzi wa anyamata anayi a sukulu ya Lovedale amene adadzipereka kukathandiza mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, pamodzi ndi William Koyi. Matenda adamubweza kwawo msanga. Kumeneko adakhala mphunzitsi, womasulira m'khoti, kenako mbusa ku Fort Beaufort. Tisabise: mu 1910 adapezeka wolakwa pa mlandu wa chikalata cha chuma cha masiye, nakakhala m'ndende ya Tokai kuno ku Cape Town. Kwa ambiri, mbiri ya mbusa womangidwa imathera pachipata cha ndende. Yake sidathere pamenepo.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ali ndi zaka 64, adalowa m'gulu la South African Native Labour Corps. Anthu akuda a gululi sankaloledwa kugwira mfuti. Ntchito yawo idali kunyamula ndi kukumba, monga makolo athu a mtengatenga. Mu Januwale 1917 sitima ya Mendi idanyamuka padoko la mzinda uno ndi amuna oposa 800, ulendo wa ku France. Mbandakucha wa pa 21 Febuluwale, mu nkhungu yochindikala pafupi ndi chilumba cha Isle of Wight, sitima ya Darro idaiwomba, ndipo idamira theka la ola lisanakwane. Amuna 616 a ku South Africa adafera m'madzi ozizira amenewo. Mbiri yapakamwa imasimba kuti nkhalamba ija ndiyo idaimirira kukhazika anzake mitima pansi, niwauza kuti afe ngati abale, ngakhale adali a mitundu yosiyana.

Taganizani za makomo 616 amene adatsala akudikira. Akazi amasiye sadaone ngakhale manda. Anthu akuda a ku South Africa amene adapulumuka sadapatsidwe mendulo. Maina a omirawo adalembedwa kutali, ku Hollybrook mu mzinda wa Southampton, ndipo chikumbutso cha ku Rosebank, kumene ankagona asanakwere sitima, chidaimikidwa zaka zambirimbiri zitapita. Anthu timakumbukira mochedwa, abale anga, ndipo timasankha woti timukumbukire.

Mulungu satero. Msilikali wachiwiri ndi Korneliyo wa ku Kaisareya, mkulu wa asilikali 100 a Chiroma. Luka satiuza nkhondo ngakhale imodzi imene iye adamenya. Akutiuza kuti ankaopa Mulungu pamodzi ndi a pabanja pake onse, ankathandiza osauka, ndipo ankapemphera kosaleka. Mngelo adamuuza kuti mapemphero ndi zachifundo zakezo zidafika pamaso pa Mulungu ngati chikumbutso. Mwamva? Chikumbutso cha msilikali uyu sichidali cha mwala. Chidamangidwa m'nyumba mwake, tsiku ndi tsiku.

Komabe ubwino wonsewo sudamupulumutse. Adafunika kumva za Yesu wopachikidwa ndi woukitsidwa, n'chifukwa chake adatumiza anthu ku Yopa kukaitana Petro. Ndipo taonani ndime 24: Petro adapeza Korneliyo atasonkhanitsa kale abale ake ndi abwenzi ake apamtima. Sadafune kulowa yekha mu ufumu, ana ake atatsala kunja.

Tsono ndilankhule nanu, bambo amene muli ku Dunoon, ku Masiphumelele kapena ku Imizamo Yethu. Mudachoka ku Mangochi kapena ku Mzimba mukunena kuti mukukamenyera nkhondo banja lanu, ndipo n'zoona, moyo wa kuno ndi nkhondo. Koma amuna a pa Mendi adalephera kubwerera chifukwa nyanja idawameza. Nanga inu chakumezani n'chiyani? Foni ili m'thumba, koma mayi wa ana anu watha miyezi osamva mawu anu. Ena mumatumiza ndalama mokhulupirika, ndipo Mulungu akudalitseni, koma mwana wanu sadamvepo bambo ake akumupempherera, ngakhale pa lamya. Kumudzi ayamba kale kukutchulani mtchona.

Ngati mwagwa, kumbukirani kuti mbusa uja adatuluka m'ndende ya Tokai, ndipo Mulungu adamusungirabe ntchito pa ola lomaliza. Usiku uno imbani foni kunyumba, aitanitseni ana onse, muwawerengere mutu 10 wa Machitidwe. Sabata yamawa tidzaona zimene Petro adalalikira m'nyumba ya Korneliyo.