Chidule cha Khutba ya Ijuma: Tiwaperekeze Kuchipatala Ana Athu Ogwidwa ndi Heroin ndi Tramadol

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini moyo ndi machiritso. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, lero tikambirane nkhani imene mabanja ambiri amaibisa chifukwa cha manyazi. Anyamata athu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota amapita ku Joni kukasaka ntchito, ena ku Dar es Salaam kukaoda katundu. Kumeneko ena amagwa m'msampha wa heroin, amene ku South Africa amamusakaniza ndi chamba n'kumamutcha nyaope kapena whoonga. Kuno kwathu kulinso mankhwala a mtundu womwewo, monga tramadol, pethidine ndi codeine wopezeka m'mankhwala ena a chifuwa. Dokotala akawapereka moyenera amathetsa ululu, koma munthu akamawamwa mwachisawawa amasanduka kapolo wawo.

Tonse tikudziwa kuti chilichonse choledzeretsa ndi haramu, ndipo lamulo limeneli silisintha. Komabe tiyenera kumvetsa chimene chimachitika m'thupi la wogwidwayo. Ubongo wake umazolowera mankhwalawo, moti akangowasowa amayamba kutuluka thukuta, kutsegula m'mimba, kusanza, kuphwanya m'thupi ndi kusowa tulo. Pamenepo samwanso kuti asangalale, akungothawa ululu. N'chifukwa chake kumukalipira, kumukwapula kapena kumutsekera m'nyumba sikumuchiritsa. Choopsa china n'chakuti munthu akakhala masabata osamwa, thupi limaiwala muyezo umene linazolowera. Akabwerera ku muyezo wakalewo, mpweya ukhoza kuima n'kumwalira.

Nthenda imeneyi ili ndi mankhwala ake. Odziwika kwambiri ndi methadone ndi buprenorphine, amene bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira m'chaka cha 2005. Methadone amamwedwa kamodzi patsiku, pa muyezo umene dokotala waika. Amaletsa kuphwanya kuja ndi chibaba, motero munthu amatha kupita kunyanja kukawedza, kusamala banja ndi kuima pa Swala ali ndi nzeru zake. Odwala amene akhazikika pa chithandizochi amatetezeka kwambiri ku imfa, komanso ku HIV ndi matenda a chiwindi ofala kudzera m'majakisoni obwerekana.

Ena amafunsa kuti, "Kodi kumeneku si kusinthanitsa choledzeretsa ndi chinzake?" Yankho lathu ndi lakuti pa muyezo woyenera mankhwalawa saledzeretsa, ndipo chipembedzo chathu chimatilamula kufunafuna chithandizo tikadwala ndi kuteteza moyo. Ku Malaysia, mzikiti wa Ar-Rahman mumzinda wa Kuala Lumpur unatsegula zitseko zake m'chaka cha 2010 kuti odwala azilandira methadone pomwepo, uku akuphunzira za Dini.

Nanga chithandizochi tingachipeze kuti? Kwa ana athu amene ali ku Tanzania, chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinayamba kupereka methadone m'chaka cha 2011, ndipo ku Zanzibar anayamba mu 2015. Ku Kenya anayamba mu 2014 pa chipatala cha Mathari ku Nairobi. Ku South Africa, ntchito yotchedwa COSUP inakhazikitsidwa mu 2016 mumzinda wa Tshwane, umene ambiri timautcha Pretoria. Amene muli ndi m'bale kumaiko amenewo, muimbireni foni, ndipo pemphani Msilamu mnzake wokhulupirika amuperekeze kukliniki.

Kuno kwathu, poyambira ndi pa chipatala chachikulu cha boma lanu. Mukafika, funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Iwo ndi amene amatumiza odwala ku Zomba Mental Hospital ngati kuli kofunika. Zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nazonso zimathandiza anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Nenani zoona zokhazokha: dzina la mankhwala amene wodwala amamwa, kuchuluka kwake patsiku, ndi nthawi imene wakhala akumwa. Ngati alipo mabotolo kapena timapepala ta mapiritsi, tengani mukaonetse. Funsani mosabisa mankhwala amene ali nawo othandiza pa vutoli. Musagule methadone kwa munthu wamba, chifukwa muyezo ukapyola amapha, makamaka akaphatikizidwa ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa.

Tidziwenso zizindikiro za ngozi. Munthu akamapuma pang'onopang'ono, akapanda kudzuka pomugwedeza, ndipo timaso takuda tikachepa ngati kansonga ka singano, musamusiye kuti agone. Mugonekeni chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala, mukawauze chimene wamwa. Alipo mankhwala otchedwa naloxone amene amabwezeretsa kupuma ngati aperekedwa msanga.

Chithandizochi chimatenga miyezi, mwinanso zaka, choncho tisamuumirize wodwala kusiya msanga. Ramadhan ikayandikira, akambirane ndi dokotala za nthawi yomwera mankhwala, ndipo tikumbukire kuti Shariya inamupeputsira wodwala pa nkhani ya kusala. Komiti ya mzikiti ikhoza kupatula gawo la sadaka kuti likhale la thiransipoti ya opita kuchipatala. Tisunge chinsinsi chawo, ndipo akabwera kudzaswali tiwapatse malo pa mzere. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo khomo la tauba ndi lotseguka malinga munthu akadali moyo.

Tikupempha Allah achiritse odwala athu, apereke chipiriro kwa makolo awo, ndipo ateteze ana athu kulikonse kumene ali. Aamin.