Dzimbiri limayambira pansi

Ambiri a inu munakwerapo Land Rover yakale, ija inkanyamula odwala kupita kuchipatala msewu utaonongeka ndi mvula. Zoyamba zinapangidwa mu 1948 ku Solihull, ku England. Thupi lake ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri, ndipo apa ndi pamene ogula amapusitsika. Kunja galimoto ikuoneka bwino, koma chasesi, chomwe n'chachitsulo, chinadyeka kale ndi matope.

Kukonza kuti ingoyenda, makanika wa pansi pa mtengo amatha ndi waya ndi mphira. Kuibwezera mmene inatulukira m'fakitale ndi ntchito ina. Mu 2016 kampani ya Land Rover inayamba kuchita zimenezi pa magalimoto 25 a Series I. Wokonza amamasula galimoto yonse, bawuti ndi bawuti, mpaka chasesi chitatsala chokha. Nambala ya chasesi ndiyo imaulula chaka chimene inapangidwa komanso injini yoyenera. Ngati wina anaikamo injini ya Toyota, kaya ndi yamphamvu chotani, imachotsedwa. Penti amabwera pambuyo pake. N'chifukwa chake, abale anga, mukaona wogula atagona chagada pansi pa galimoto, kanyundo kali m'manja, musamuseke, akumvetsera kulira kwa chitsulo.