Uvuni wa njerwa unadya denga langa

Ine sindine wa zankhalango ayi, ndine mlimi wa chimanga ndi kachewere kuno ku Angónia. Ndingokuuzani zomwe zinandichitikira pomanga.

Nditaumba njerwa za nyumba yanga, uvuni umodzi unadya ngolo 6 za nkhuni, misuku ndi mombo yokhayokha. Pofika pa denga, anzanga, phaso lowongoka linasowa. Mitengo imene ikanakhala mapaso ndi yomwe ija ndinaotcha! Ndinachita kugula kutali, ndalama ya feteleza n'kuthera pomwepo.

Khitchini ndinamanga mosiyana: zidina zosaotcha, nsichi ndi mapaso za bulugamu wanga, denga lotulukira kunja kuti mvula isamenye khoma. Bulugamu ameneyu ndinayamba kubzala nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, pamene ankati mwana wa sukulu aliyense mtengo wake, mfumu iliyonse nkhalango yake. Ife tinkangoseka, koma lero ndi umene ukundifunditsa.

Ambiri mumati mtengo umadyedwa ndi chiswe. Zoona, ukauika wauwisi. Dulani m'chilimwe, sendani khungwa tsiku lomwelo, sanjani pamthunzi osagunda pansi kufikira utauma. Kunsi kwa nsichi pakani oyilo wakutha wa galimoto kapena wa kuchigayo, ndipo ikhale pa mwala, osati m'dothi. Ubwino wa bulugamu ndi woti ukaudula chitsa chimaphukanso. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu, zinazo thyolani. Koma chonde musabzale m'mbali mwa dambo kapena pafupi ndi chitsime, umamwa madzi kwambiri. Ine ndinalakwitsa pamenepo, dimba langa mbali imodzi linauma.

Mlombwa, uja ena amati umbila, ndi wina: wobzala kawirikawiri saudula yekha, amadula ndi adzukulu. Boma linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka kuyambira 2017, koma nkhwangwa zathu zapakhomozi amaziona ndani?

Pempho langa kwa amfumu ndi malo pang'ono kumtunda kuja kopanda chonde. Ife a gulu tifese nazale mu Seputembala kuti mvula ya Disembala ipeze mbande zakonzeka. Mbewu ndili nayo, ndibwera nayo Loweruka. Amene ali ndi machubu akale abweretse.