KUGAWA NJUCI ZISANATHAWE

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za njuci. Ndidziwa kuti ambiri a inu muli ndi kamunda kunja kwa tauni, ndipo ena mulikuganizira za tsiku limene mudzaleka nchito ya mgodi ndi kubwerera kumudzi. Munthu wotere akakhala ndi ming'oma iwiri amafunsa kuti, "Kodi ndicite ciani kuti ikhale inai?" Yankho lace ndilo kugawa njuci.

Tonse tidziwa cimene cimacitika mudzi ukakula. Anthu akapanikizana, mkulu wina amatenga mbumba yace nakamanga mudzi wina patsidya pa mtsinje. Njuci nazonso zimatero. Mumng'oma muli mai mmodzi yekha, amene timucha mfumukazi, ndipo pa nyengo ya maluwa iye angathe kuikira mazira oposa 1,000 tsiku limodzi. Malo akacepa, njuci zimalera mfumukazi watsopano, ndipo wakaleyo amaturuka ndi theka la banja lonse, pakuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Cigulu ca njuci cija mumaciona citalendewera pa nthambi kawiri-kawiri ndi cuma ca munthu wina cimene camthawa. Mlimi wanzeru sayembekeza tsiku limenelo: amagawa yekha mudziwo kuti midzi yonse iwiri ikhale yace.

Mng'oma wa khungwa, wonga umene anzathu a ku Mwinilunga ndi Kabompo amapacika m'mitengo, ubvuta kugawa cifukwa zisa zimamatirira ku khungwalo. Funani mng'oma wa matabwa wokhala ndi timitengo topingasa pamwamba, wonga uja unacokera ku Kenya. M'menemo cisa ciri conse cimalendewera pa kamtengo kace, ndipo mungathe kucinyamula osacithyola.

Coyamba ndi nyengo. Gawani pamene chire lirikuyamba kucita maluwa, monga mu September ndi October pamene mombo ndi tsamba ziphuka. Onani kuti mng'oma wadzala, uli ndi zisa za ana zisanu ndi cimodzi kapena kuposa, ndi kuti njuci zamphongo, zija zonenepa zopanda mbola, zirikuoneka. Popanda zamphongo mfumukazi watsopano sadzapeza womkwatira. Ine ndinaphunzira izi ndi misozi. Caka cina ndinagawa mng'oma wanga mu July, pa nyengo yozizira, ndipo ndinapatsa banja latsopano zisa za uci wokha-wokha, poganiza kuti cakudya ndico cifunika. Patapita masabata atatu ndinapeza bokosi lopanda kanthu, ndipo banja lakale linafoka kotero kuti caka cimeneco sindinafule uci ngakhale wa m'kapu.

Cimene ndinaiwala ndi mazira, ndipo apa mumvetsetse bwino. Dzira limene limabala njuci yanchito ndi lomwelo lingabale mfumukazi. Kusiyana kwace kuli m'cakudya. Dzira limaswa patapita masiku 3. Njuci zikaona kuti ziribe mai, zimasankha kamphutsi kongoswa kumene, nizikamangira cipinda cacikulu colendewera, cooneka ngati khoko la nshawa, ndi kukadyetsa cakudya coyera ngati mkaka cimene zimaturutsa m'mitu yao. Njuci yanchito imatenga masiku 21 kucokera ku dzira, yamphongo masiku 24, koma mfumukazi masiku 16 okha.

Tsono kagawidwe kace nkotere. Pitani dzuwa litapendeka, mutabvala cophimba kumaso ndi m'manja, pakuti njuci za dziko lino nzaukali. Fukizani utsi pang'ono wa ndowe zouma za ng'ombe. Mumng'oma watsopano ikani zisa ziwiri zokhala ndi mazira ndi timphutsi tating'ono. Mazirawo mudzawaona pansi pa tizipinda, oyera ngati timpunga. Onjezani zisa ziwiri za ana otsekeredwa, ndi ziwiri za uci ndi mungu m'mbali mwace. Cisa ciri conse cipite ndi njuci zace, koma yang'anitsitsani kuti mfumukazi watsala m'nyumba yakale. Mukatha, ikani mng'oma watsopanowo pa malo pamene panali wakale, ndipo wakalewo muusunthire pena. Njuci zimene zimapita kuchire zimadziwa malo, sizidziwa bokosi. Cotero zidzabwerera pa malo akale ndi kulimbitsa banja lamasiyelo.

Patapita masiku anai kapena asanu tsegulani pang'ono. Mukaona zipinda zonga nshawa zija, tsekani, nchito yayenda. Mfumukazi adzaturuka patapita masiku ngati 12 kucokera tsiku logawa. Akakhala sabata imodzi amauluka kukakomana ndi zamphongo m'mwamba, ndipo akabwerera amayamba kuikira. Zonsezi zimatenga pafupi-fupi mwezi wathunthu. M'mwezi umenewo musamatsegule-tsegule, pakuti njuci zathu zikasautsidwa zimasamuka zonse. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Nchito yanu ndiyo kuika madzi pafupi, kucepetsa khomo, ndi kupaka girisi pa mawaya kapena pa miyendo ya mng'oma kuti linthumbu lisakwere. Ngati mwezi watha ndipo mazira palibe, patsani banjalo cisa cina ca mazira cocokera ku mng'oma wamphamvu.

Mau awiri otsiriza. Musagawe mng'oma wofoka cifukwa ca dyera lofuna mabokosi ambiri. Mng'oma umodzi wamphamvu upambana itatu yofoka, ndipo umene mwagawa sudzakupatsani uci wambiri nyengo yomweyo. Ndiponso inu a m'komboni, musaike njuci kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera. Malo ace ndi kumunda, kutali ndi njira ya anthu ndi makola a ziweto.

Pamene mudzapita kukaona ming'oma yanu pa Sabata likudzali, werengani zisa za ana, ndipo muyang'ane mitengo ngati yayamba kuphuka. Tsalani bwino nonse, mugone bwino.